Joseph Mukasa Balikuddembe, mkhristu amene anasunga mpingo ansembe kulibe

Caka ndi caka pa 3 June timacita cikondwerero ca Amartiri a ku Uganda. Maina amene amamveka kwambiri tsiku limenelo ndi awiri, Charles Lwanga ndi kamnyamata Kizito, ndipo m'maparishi mwathu simungasowe mwana, kwaya kapena mphakati wochedwa ndi limodzi la maina amenewa. Koma munthu amene anayala maziko a kulimba mtima kwa anyamata aja sanafe nao pamodzi pa moto wa ku Namugongo. Anali ataphedwa kale miyezi isanu ndi umodzi ndi theka m'mbuyomo. Dzina lake ndi Joseph Mukasa Balikuddembe. Sanali wansembe ai, anali mkhristu wamba wogwira nchito ku nyumba ya mfumu.

Anabadwa ca m'ma 1860 m'dera la Mawokota, mu ufumu wa Buganda. Ali ndi zaka ngati 14 anapita kukatumikira ku bwalo la Kabaka Mutesa I, mfumu yaikulu ya dzikolo. Kumeneko kunali anyamata mazanamazana otumikira mfumu, ndipo mwa iwo ndimo munali kucokera nduna ndi mafumu a m'tsogolo. Anali malo a mwai, komanso oopsa, pakuti moyo wa munthu aliyense unali m'manja mwa Kabaka. Ca m'ma 1876 Mutesa anapha anyamata ambiri acisilamu cifukwa anakana kudya nyama yosaphedwa mwa mwambo wa cipembedzo cao. Tsono Mukasa poyamba kuphunzira za Cikhristu anali kudziwa kale mtengo umene munthu amalipira pa bwalo limenelo akaika Mulungu patsogolo pa mfumu.

Amishoni a Anglican anafika mu Buganda mu 1877. Mu February 1879 kunafika Bambo Siméon Lourdel ndi Brother Amans, a cipani ca White Fathers, comweco cimene cinadzafika kwathu kuno ku Mambwe mu 1891. Anthu a kumeneko anawacha Bambo Lourdel dzina lakuti Mapeera. Mukasa analembetsa kalasi mu 1880, ndipo anabatizidwa pa 30 April 1882 pamodzi ndi mnzake Andrew Kaggwa. Mu November caka comweco amishoni acikatolika, poona kuti moyo wao uli pa ngozi, ananyamula katundu wao ndi kuoloka nyanja ya Victoria kupita kum'mwera, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Anasiya obatizidwa owerengeka okha ndi mazana angapo a ophunzira.

Apa ndi pamene ife tifuna kukhalitsa, cifukwa nthawi imeneyi siilalikidwa kawirikawiri. Kucokera November 1882 mpaka July 1885, zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, mu Buganda munalibe Misa, munalibe kulapa kwa wansembe, munalibe Ukaristia. Mukasa anali atangotha miyezi isanu ndi umodzi cibatizidwire. Mwa kawerengedwe kathu ka masiku ano tikanati akali khanda m'cikhulupiriro, sitikanamupatsa ngakhale kalasi ya ana a ukaristia woyamba. Koma iye ndiye anakhala mtsogoleri wa onse opemphera a m'nyumba ya mfumu. Nchito za tsiku zikatha, anali kusonkhanitsa anyamata ndi kuwaphunzitsa mapemphero ndi katekisimu, mau ndi mau, mpaka atawasunga pamtima. Amene wadziwa anali kuphunzitsa mnzake. Odwala anali kuyenderedwa, ndipo amene ali pafupi kufa anali kubatizidwa ndi akhristu anzao. Andrew Kaggwa anacita cimodzimodzi pakhomo pake, ndipo ku Mityana, m'dera la Ssingo, kunali Matthias Kalemba Mulumba, bambo wacikulire, pamodzi ndi Luke Baanabakintu ndi Noe Mawaggali. Ansembe pobwerera anapeza opemphera aculuka kuposa amene anawasiya.

Palibe mwa anthuwa amene anali kudziwa kuti kudzakhala 3 June 1886. Sanakhale pansi kupangana za mmene adzaimire pamaso pa moto. Anangocita zimene zinali patsogolo pao, kuphunzira, kupemphera pamodzi, kusamalana, ndipo zimenezo ndizo zinadzawagwira tsiku loipa litafika. Ife akatekisiti nkhani iyi imatilasa pamtima. Tili ndi masenta kumene Abambo amafika kamodzi pa miyezi iwiri, makamaka nthawi ya dzinja miseu ikaonongeka, ndipo timadziwa mmene mipando imakhalira yopanda anthu pa Sondo limene kuli mapemphero cabe opanda Misa. Timadziwanso makolo amene amabwera kudandaula kuti zaka za kalasi zaculuka, tingomulembera mwana abatizidwe msanga asanapite ku sekondale. Dziko lathu linalengezedwa kukhala la Cikhristu mu 1991, palibe amene amatiopseza ndi mkondo cifukwa ca korona, ndipo mwina ndi cifukwa cake tiyesa kuti kuphunzira cikhulupiriro ndi kutaya nthawi. Kadinala Lavigerie, amene anayambitsa cipani ca White Fathers, analamula zaka zinai za maphunziro munthu asanabatizidwe. Ambiri a ife lero tikanati n'zankhanza.

Tibwerere ku Buganda. Mutesa atadwala, Mukasa anali mmodzi wa omutumikira apafupi mpaka pamene anamwalira mu October 1884. Pampando panakhala mwana wake Mwanga, mnyamata wa zaka ngati 18. Poyamba Mwanga anamukonda Mukasa, namuika kukhala woyang'anira nyumba ya mfumu ndi anyamata otumikiramo, ndipo anamulola kumudzudzula akalakwa. Mmodzi wa omuthandiza pa nchito imeneyo anali Charles Lwanga, amene panthawiyo anali asanabatizidwe.

Vuto linali lakuti Mwanga anali ndi cizolowezi coitanitsa anyamata ang'ono kuti acite nao zadama, ndipo kukana mfumu kunali kosamveka m'dzikomo. Mukasa anali kuwaphunzitsa anyamatawo kuti thupi lao si la mfumu. Akaona kuti wina waitanidwa, anali kumutuma kwina kutali, ndipo anali kuuza mfumu yokha poyera kuti ileke. Ife tiona kuti sukulu yeniyeni ya amartiri inali pamenepa. Mnyamata amene waphunzira kunena kuti iai kwa munthu wamphamvu pa cinthu cobisika, usiku, popanda womuona, wayamba kale ulendo wa ku Namugongo. Kukana kwakukulu kuja kwa mu 1886 kunali ndi tikukana ting'onoting'ono tambiri m'mbuyo mwake.

Adani sanasowe. Kuciyambi kwa 1885 akuluakulu ena, pamodzi ndi nduna yaikulu, Katikkiro, anapangana zocotsa Mwanga pampando. Mukasa ndi Kaggwa anacenjeza mfumu. Mwanga anakhululukira Katikkiro, ndipo kuyambira pamenepo nduna ija inafunafuna mpata wobwezera. Mu January caka comweco anyamata atatu a mpingo wa Anglican, Yusufu Lugalama, Makko Kakumba ndi Nuwa Serwanga, anali ataphedwa kale, kotero aliyense anaona kumene mphepo ikulowera.

Mpata unapezeka mu October 1885. Bishopu wa Anglican, James Hannington, anali kubwera ku Buganda kudzera kum'mawa, njira ya ku Busoga, imene anthu anali kuiona monga khomo lakumbuyo la ufumu. Mbiri yakuti Ajeremani akulanda maiko a m'mbali mwa nyanja yamcere inali itafika kale, ndipo sitinganene kuti mantha a Mwanga analibe cifukwa. Mfumu inalamula kuti aphedwe, ndipo anaphedwa pa 29 October. Mukasa anali atapempha kuti mlendoyo asaphedwe, ndipo zitacitika anadzudzula mfumu, kuikumbutsa kuti atate ake Mutesa sanaphepo mzungu. Taonani kuti mkatolika uyu anaika moyo wake pa ngozi cifukwa ca bishopu wa mpingo wina, munthu amene sanamuonepo n'komwe, pa nthawi imene amishoni a mipingo iwiriyi anali kukangana okhaokha pamaso pa mfumu. Patapita masiku Mwanga anadwala atamwa mankhwala amene Bambo Lourdel anamupatsa, ndipo adani anati akhristu afuna kumupha ndi poizoni.

Usiku wa pa 14 November mfumu inamuitana Mukasa ndi kumukalipira nthawi yaitali. M'mawa mwake, pa Sondo, iye anapita ku mishoni, namva Misa ndi kulandira Ukaristia, kenaka anabwerera ku nchito yake. Sanathawe. Ataitanidwanso, anaweruzidwa kuti atenthedwe. Anakana kumangidwa, cifukwa munthu wofera cikhulupiriro cake alibe cothawira, ndipo anayenda yekha kupita ku Nakivubo. Mkulu wa opha anthu, Mukajanga, anali kumulemekeza, kotero anazengereza poyembekeza kuti mfumu isintha maganizo, koma Katikkiro anafulumizitsa. Mwa cifundo anayamba amudula mutu asanaponye thupi pa moto. Asanafe anatumiza uthenga kwa Mwanga kuti wamukhululukira pa imfa yopanda mlandu imeneyi, koma alape, pakuti akapanda kutero nkhaniyo idzakambidwa pa bwalo la Mulungu. Uthenga wa mfumu wakuti asaphedwe unafika zonse zitatha. Anali ndi zaka ngati 25.

Mwanga anayesa kuti akacotsa mtsogoleri, otsala adzabalalika. Usiku womwewo Charles Lwanga ndi anzake anazemba kupita ku mishoni kukapempha ubatizo, ndipo m'masiku otsatira anabatizidwa anthu opitirira 100. Ansembe sanaope kuwabatiza mwamsanga cotero, pakuti anali anthu ophunzitsidwa kale kwa zaka. Lwanga anatenga malo a Mukasa pakati pa anyamata, kuwaphunzitsa ndi kuwachinjiriza monga anaonera kwa mkulu wake.

Pa 25 May 1886, ku Munyonyo, Mwanga anabaya ndi mkondo mnyamata Denis Ssebuggwawo cifukwa cophunzitsa mnzake katekisimu. Zipata zinatsekedwa, ndipo panalibe njira yofikira kwa wansembe. Usiku umenewo Lwanga, amene iye mwini anali atangotha miyezi isanu ndi umodzi cibatizidwire, anatenga madzi nabatiza Kizito, Gyavira, Mugagga ndi Mbaga Tuzinde. Anadziwa mau ake ndi kacitidwe kake cifukwa m'zaka zija zopanda ansembe akhristu a pa bwalo anali ataphunzitsana zimenezo. Pa 3 June, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, ambiri a iwo anatenthedwa ku Namugongo pamodzi ndi anzao a Anglican.

Papa Benedict XV anawalengeza odala mu 1920, ndipo pa 18 October 1964 Papa Paul VI anaika akatolika 22 amenewa m'gulu la oyera, nachulanso ndi ulemu a Anglican amene anafa nao. Mwa 22 aja woyamba kufa anali Joseph Mukasa. Pafupi ndi pamene anaphedwera, pakati pa mzinda wa Kampala, pali msika waukulu umene anthu anazolowera kuucha Owino. Dzina lake lina ndi St. Balikuddembe.