Moyo wa Samora Machel

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Seputembala 1933. Mudzi wake ndi Chilembene, m'cigawo ca Gaza, pafupi ndi mtsinje wa Limpopo. Ndi kutali kwambiri ndi Cobue. Kumeneko cuma ca anthu si bwato ndi ukonde ayi, koma ng'ombe. Samora ali mwana ankaweta ng'ombe za bambo ake.

Masiku amenewo dziko lathu linkalamulidwa ndi Apwitikizi. Iwo ankakakamiza alimi kulima thonje. Koma thonje sadya. Mlimi akatanganidwa nalo, munda wa cakudya unkalowa thengo, ndipo njala inkafika pakhomo. Thonjelo ankaligula ndi ndalama zocepa. Wokana ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, kapena ankatengedwa kupita ku cibalo. Pambuyo pake minda yabwino ya m'mbali mwa Limpopo inaperekedwa kwa azungu ocokera ku Portugal. Mkulu wake wa Samora anapita kumigodi ya ku South Africa, ndipo anamwalira komweko pa ngozi. Mnyamatayo anaona zonsezi, nazisunga mumtima.

Samora anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Akatolika. Atakula anapita ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Anaphunzira unamwino, nagwira nchito pa cipatala ca Miguel Bombarda. Ankatsuka zilonda ndi kubaya jakisoni. Nchito inali imodzimodzi, koma namwino wakuda ankalandira ndalama zocepa kuposa namwino wacizungu.

Mu 1963 anasiya cipatala nathawira ku Dar es Salaam. Kumeneko kunali gulu la FRELIMO, ndipo mtsogoleri wake anali Eduardo Mondlane. Gululi linamutumiza ku Algeria kukaphunzira usilikali.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964. Mabuku ambiri amasimba za Chai, ku Cabo Delgado. Koma mwezi womwewo mfuti zinaliranso kuno ku Cobue, pamene asilikali a FRELIMO anaukira boma la Apwitikizi. Nkhondo itakula, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja anakwera mabwato kuthawira ku Likoma. Ena analowa ku Tanzania. Ena anakwera kumapiri, kumene ankalima mobisala ndi kudyetsa asilikali. Funsani agogo anu kuti iwo anathawira kuti.

Samora anamenya nawo nkhondo ku Niassa kuno. Mu 1966 anakhala mkulu wa asilikali onse a FRELIMO. Mu Julayi 1968 gululi linacita msonkhano waukulu ku Matchedje, m'nkhalango za Niassa, nkhondo ili mkati. Caka cotsatira, pa 3 Febuluwale, Mondlane anaphedwa ndi bomba limene linabisidwa m'buku. Mu 1970 Samora anatenga utsogoleri. Mkazi wake Josina, amene ankasamala ana amasiye a nkhondo, anadwala namwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Ndi cifukwa cake 7 Epulo ndi tsiku la amayi a Moçambique.

Pa 25 Juni 1975 dziko linalandira ufulu, ndipo Samora anakhala Pulezidenti woyamba. Anali munthu wa mawu amphamvu. Pamsonkhano ankayambitsa yekha nyimbo, anthu n'kumavomera. Ankatha kufika pa cipatala kapena pa nyumba yosungira katundu osauza munthu, n'kudzudzula aulesi ndi akuba pamaso pa onse.

Samora ankafuna dziko la sosholizimu. Mawu amenewa ndi ovuta. Tanthauzo lake ndi lakuti minda, sukulu, zipatala ndi mafakitale zikhale m'manja mwa boma, kuti anthu onse apindule nazo mofanana. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga sukulu ndi zipatala zonse, ngakhale za mishoni monga za ku Messumba. Ana a alimi anadzaza m'makalasi. Amayi ndi abambo amene sanagwirepo pensulo ankakhala pansi pa mtengo madzulo kuphunzira a, e, i, o, u. Azaumoyo anayenda mudzi ndi mudzi kupereka katemera wa nthomba ndi cikuku. Izi zinali zabwino, ndipo ana ambiri anapulumuka.

Koma zina zinapweteka anthu. Mafumu analandidwa mphamvu zawo. Mabanja ambiri anauzidwa kusiya mabwinja a makolo ndi mitengo yawo ya mango, kuti akakhale pamodzi m'midzi ikuluikulu ya boma. Ena anapita mokondwa, ena anacita kukakamizidwa, ndipo minda inatalikira. M'masitolo a boma nthawi zambiri munalibe mcere, sopo kapena nsalu. Cipani cinali cimodzi cokha. Wotsutsa ankatha kutumizidwa kumisasa ya m'thengo, monga wa M'telela ku Niassa kuno, ndipo ena sanabwerereko. Mu 1983 anthu a m'mizinda amene analibe mapepala a nchito anagwidwa, nakwezedwa ndege ndi magalimoto kubwera ku Niassa kudzalima. Ambiri sankadziwa khasu, sankadziwa cilankhulo, ndipo anasiya ana awo kutali. Kumeneku kunali kulakwa kwakukulu.

Nthawi yomweyo nkhondo ina inali itabuka, pakati pa boma ndi RENAMO. Gulu limeneli linkathandizidwa ndi maboma a azungu a Rhodesia ndi South Africa. Sukulu ndi zipatala zambiri zinatenthedwa. Anthu a m'mbali mwa nyanja anakweranso mabwato. Mu 1984 Samora anasaina pangano la Nkomati ndi South Africa, koma mfuti sizinaleke.

Pa 19 Okutobala 1986 Samora ankacokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia. Usiku ndege yake inagwa paphiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, pafupi ndi malire athu. Iye anamwalira pamodzi ndi anthu ena 34. Anali ndi zaka 53. Mpaka lero anthu amatsutsana pa cimene cinagwetsa ndegeyo. Thupi lake linaikidwa ku Maputo, pa bwalo la ngwazi za dziko.

Joaquim Chissano analowa m'malo mwake. Dziko linasiya njira ya sosholizimu. Mu 1990 malamulo atsopano analola zipani zambiri. Pa 4 Okutobala 1992 boma ndi RENAMO anasaina mtendere ku Roma, ndipo mu 1994 anthu anaponya voti kusankha pakati pa zipani zosiyanasiyana. Amene anathawa anabwerera ku Cobue. Anapeza chalichi cacikulu cili cowonongeka ndipo minda ili thengo lokhalokha. Anasosa, nabzalanso cinangwa.