Elizabeth Inchbald

Elizabeth Inchbald (15 Okutobala 1753 – 1 Ogasiti 1821) anali wochita zisudzo komanso mlembi wa masewero ndi mabuku wa ku England. Anabadwira ku Stanningfield, m'chigawo cha Suffolk, m'banja la alimi achikatolika. Ngakhale anali wachibwibwi, mu 1772 anathawira ku London kukafuna ntchito ya zisudzo, ndipo chaka chomwecho anakwatiwa ndi Joseph Inchbald, yemwe anamwalira mu 1779.

Amadziwika kwambiri ndi sewero la Lovers' Vows, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Covent Garden mu 1798. Linachokera ku sewero la Chijeremani la August von Kotzebue lotchedwa Das Kind der Liebe. Inchbald sankadziwa Chijeremani. Anatenga zomwe munthu wina anamasulira liwu ndi liwu n'kuzilembanso, ndipo zolankhula zazitali anazidula. Anasinthanso kalankhulidwe ka Amelia, mtsikana yemwe amayamba yekha kuuza mwamuna kuti akumukonda, poopa kuti Angerezi anyansidwa naye.

Seweroli linatchuka, komabe ena ankati ndi losayenera. M'buku la Jane Austen la Mansfield Park (1814), achinyamata atakonza zolichita panyumba, m'banjamo munabuka mkangano.