Mbiri ya Thomas Fraser, amene anasandutsa kombe kukhala mankhwala a mtima

Ine ndine mlimi wa kachewere ndi chimanga, koma mbiri ya bambo uyu itandipeza ndinati ayi, ndigawireko anzanga, chifukwa ikukhudza chigawo chathu chino cha Tete.

Thomas Richard Fraser anabadwa mu 1841 ku Calcutta, m'dziko la India, koma kwawo kunali ku Scotland. Udokotala anaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh, namaliza mu 1862. Ntchito yake inali kufufuza ziphe. Anayamba ndi nyemba ya ku Calabar, ku Nigeria, imene anthu akumeneko ankamwetsana pozenga milandu, monga ankachitira makolo athu ndi mwavi.

Mu 1868, iye ndi mnzake Alexander Crum Brown anatenga chiphe chotchedwa strychnine, chimene chimakoka minyewa mpaka thupi kuuma gwa, nasintha pang'ono chabe kapangidwe kake. Atachiyesa pa nyama, sichinakokenso minyewa, koma chinaifooketsa. Apa anaonetsa kuti ukasintha kachigawo kamodzi ka mankhwala, ntchito yake m'thupi imasinthanso. Opanga mankhwala mpaka lero amayenda m'njira imeneyi.

Tsono nkhani ya kwathu ndi iyi. David Livingstone atabwera pa Zambezi mu 1858, anamanga msasa ku Tete, ndipo anali ndi dokotala wodziwa zomera, John Kirk. Akukwera mtsinje wa Shire, Kirk anaona alenje a Chimang'anja akupaka mivi yawo kombe. Kombe ndi chomera choyanga m'mitengo ya kuchigwa kotentha, ndipo ululu wake uli m'njere. Nyama ikalasidwa inkagwa, alenje n'kudula pamene palowa muvi, yotsalayo n'kudya bwinobwino. Tsiku lina mswachi wa Kirk unakhudzana ndi kombe m'thumba. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenaka anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono.

Kombeyo atafika ku Edinburgh, Fraser anamuyesa pa achule, naona kuti amagwira mtima weniweniwo. Sanapupulume ayi. Anafufuza zaka zoposa 10, mpaka anapatula mphamvu ya m'njeremo naitcha strophanthin. Mu 1885 anauza madokotala anzake kuti kadontho kochepa, koyezedwa bwino, kamalimbitsa mtima wofooka. Basi malonda anayambika, njere za kombe n'kumachoka ku chigwa cha Shire kupita ku Ulaya. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Albert Fraenkel, anayamba kupereka mankhwalawa pobaya mumtsempha. Masiku ano zipatala zinasamukira ku mankhwala ena, koma kombe anathandiza odwala mtima kwa zaka zambiri.

Fraser anaphunzitsa za mankhwala ku Edinburgh kuyambira 1877 mpaka 1918. Mu 1902 anapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo anamwalira mu 1920.

Chimene chikundiwawa ine n'chakuti dzina la Fraser lili m'mabuku, la Kirk lilimonso, koma alenje amene anadziwa kombe poyamba sakutchulidwa ngakhale mmodzi. Nzeru inali yawo, iwo aja anangowonjezera kuyeza. Ndiye ndikupempha makalabu athu, tizikhala pansi ndi agogo, tizilemba mitengo imene akuidziwa pamodzi ndi mayina awo eni akewo, tisanaimalize ndi nkhwangwa pofuna nkhuni zochizira fodya.

Koma chonde abale, wina asamve molakwa. Kombe ndi chiphe, amapha. Chimene chinamusandutsa mankhwala ndi muyezo, ndipo muyezo umenewo sitingauthe ndi supuni ya kukhitchini. Amene akutupa miyendo, kapena akubanika akangoyenda pang'ono, timuperekeze kuchipatala msanga.

Tidzakumana pa tsiku lomvera wailesi.