Mbiri ya Mayi Emma DeLaney, Namwino wa ku Mbombwe

Anzanga amene tinakulira limodzi m'malaini a m'minda ya tiyi ku Thyolo, mzere wa pa kachipatala ka pa esiteti uja simunauiwale. Ine ndimakumbukira tsiku limene ndinaperekeza mayi anga atatupa mwendo. Namwino anawaitana potchula nambala ya pa tikiti yawo ya ntchito, ndipo mpaka tinatuluka asanawayang'ane kumaso. Zimenezi zinandibwerera m'mutu ndili ku koleji, nditawerenga za namwino wina amene anagwirapo ntchito kwa anansi athu ku Chiradzulu.

Mayi Emma DeLaney anabadwa m'chaka cha 1871 ku Florida, m'dziko la Amereka, patangopita zaka zisanu ndi chimodzi ukapolo utathetsedwa kumeneko. Anali munthu wakuda ngati ife tomwe. Anaphunzira unamwino ndi umishoni pa sukulu ya Spelman ku Atlanta, ndipo mu 1902 mpingo wa National Baptist Convention unawatumiza kudzathandiza Mbusa John Chilembwe pa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Kumeneko ankaphunzitsa ana m'kalasi ndiponso amayi kusoka.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi kamnyamata kamene kankawagwirira ntchito m'nyumba ndi kuwamasulira mawu, dzina lake Daniel Malekebu. Masiku amenewo mwana wotere anali boyi basi. Mayi DeLaney sanamuone choncho. Iwo atabwerera kwawo, mnyamatayo anayenda pansi mpaka ku Beira, nakagwira ntchito m'sitima yapamadzi kuwalondola. Anamulandira ngati mwana wawo, namupezera sukulu. Mu 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College, Mmalaŵi woyamba kutero, ndipo mu 1926 ndiye anadzatsegulanso mishoni ija, imene tchalitchi chake atsamunda anachigumula pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915.

Wina anganene kuti kulera mwana wa eni si unamwino. Ine ndikuti mtima wake ndi womwewo, pakuti amene sazindikira kuti wantchito wa m'khitchini ndi munthu, sangazindikirenso zimenezo kwa mayi wothyola tiyi amene wafika pakhomo la chipatala akutsimphina.

Mayi DeLaney sanabwerenso kuno. Mu 1912 anapita ku Liberia, kumene anayambitsa mishoni ya Suehn. Anamwalira kwawo ku Amereka mu 1922 ndi malungo aja odetsa mkodzo, kutatsala zaka zinayi kuti mnyamata wawo uja afikenso ku Mbombwe ali dokotala.