MBIRI YA ARTHUR ASHE NDI TSIKU LACE LALIKULU PA WIMBLEDON

Ambiri a ife tikamva za masewera timaganiza za mpira wa miyendo, umene oonerera amayimba ndi kupfuula kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Koma alipo masewera ena ochedwa tenisi, amene mwambo wace ndi wina. Anthu awiri amaima wina mbali iyi ya ukonde, wina mbali iyo, namamenyerana kampira ndi comenyera ca zingwe cochedwa raketi. Mpira uli m'kati oonerera onse amakhala cete, ndipo amaomba m'manja pokhapokha wina akalakwa kapena akapambana. M'nkhani ino ndifuna kukuuzani mbiri ya munthu wakuda wa ku America, dzina lace Arthur Ashe. Pa ubwana wace munthu ameneyu sanaloledwe kusewera pa mabwalo a Azungu mu mzinda wa kwao, koma atakula khamu la Azungu ku London linaimirira kumuombera m'manja.

Ubwana wace

Arthur Ashe anabadwa pa 10 July 1943 mu mzinda wa Richmond, m'cigawo ca Virginia. Masiku amenewo lamulo la kumeneko linali kulekanitsa anthu akuda ndi Azungu m'sukulu, m'mabasi ndi m'malo a masewera omwe. Atate ace anali woyang'anira malo a masewera a anthu akuda ochedwa Brook Field, ndipo nyumba yao inali m'kati mwa malowo, pafupi ndi mabwalo a tenisi. Amai ace anamwalira m'caka ca 1950, Arthur ali ndi zaka 6, nasiya ana awiri, iyeyo ndi mng'ono wace Johnnie. Atatewo analera anawo ndi mwambo wolimba ndithu. Anayesa ndi wochi mtunda wocokera ku sukulu, namuuza Arthur kuti akaweruka afike pa nyumba m'mphindi 12. Anamletsanso mpira wa kwaoko wogundana, popeza anali mwana woonda kwambiri.

Ali ndi zaka 7 anayamba kugwira raketi, ndipo mnyamata wina wa pa koleji, Ron Charity, ataona luso lace anayamba kumphunzitsa. Pofika zaka 10 anamtumiza kwa Dr. Robert Walter Johnson, dokotala wakuda wa ku Lynchburg, amene anali kusonkhanitsa ana akuda pa nyumba pace nthawi ya chuthi kuwaphunzitsa tenisi. Dokotala yemweyo ndiye anathandiza Althea Gibson, mkazi wakuda amene anapambana pa Wimbledon m'zaka za 1957 ndi 1958.

Malamulo a Dr. Johnson anali obvuta kwa mwana. Mpira ukagwa pafupi ndi mzere, ngakhale utaturuka pang'ono, mwana anayenera kuubweza ngati wagwa m'kati. Sanaloledwe kukangana ndi woweruza, kapena kuponya raketi pansi, kapena kuonetsa mkwiyo pa nkhope. Cifukwa cace cinali cakuti eni mipikisano ena anali kufunafuna pothawira kuti acotse ana akuda, ndipo mwana mmodzi akadapsa mtima akadatsekera anzace onse khomo. Poyamba Arthur anacita makani, mpaka atate ace anabwera ku Lynchburg kudzamuuza kuti amvere kapena abwerere kwao. Anasankha kumvera. Akuluakulu amati mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo tidzaona m'mene mwambo umenewu unamthandizira patapita zaka zoposa 20.

Maphunziro ndi kuchuka kwace

Popeza ku Richmond sanamlole kupikisana ndi ana a Azungu, m'caka ca 1960 anasamukira ku St. Louis kukatsiriza sukulu ya sekondale. Pambuyo pace anapita ku yunivesite ya California ku Los Angeles, kumene anatsiriza maphunziro a zamalonda m'caka ca 1966. Ali komweko, m'caka ca 1963, anasankhidwa kuimira America pa mpikisano wa maiko wochedwa Davis Cup, ndipo anali munthu wakuda woyamba kusankhidwa cotero. Atatsiriza maphunziro analowa usilikali. Mng'ono wace Johnnie, amene anali atamenya kale nkhondo ku Vietnam, anadzipereka kubwererako kaciwiri kuti mkulu wace asatumizidweko.

M'caka ca 1968 Ashe anapambana mpikisano waukulu wa US Open ku New York, pogonjetsa Tom Okker wa ku Holland. Koma popeza anali asanalembedwe ngati wosewera wolandira malipiro, mphotho ya madola 14,000 inapita kwa Okker wogonjayo, ndipo iye analandira madola 20 okha pa tsiku a cakudya ndi pogona. M'caka ca 1970 anapambananso mpikisano waukulu wa ku Australia.

Maulendo ace ku Africa

M'caka comweco ca 1970 anayendera maiko a Africa pamodzi ndi mnzace Stan Smith kuphunzitsa ana tenisi, ndipo anafika ku Zambia komwe. Caka cotsatira ali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon anaona mnyamata wa zaka 11 wosewera mwaluso, nauza akulu a tenisi a ku France kuti amtenge. Mnyamatayo anali Yannick Noah, amene anadzapambana mpikisano waukulu wa ku Paris m'caka ca 1983.

Dziko limene linamkaniza kulowa linali South Africa, cifukwa ca lamulo la tsankho. Anapempha cilolezo kangapo namkana, kufikira m'caka ca 1973 pamene anamlola kudzasewera pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg. Iye anaumirira kuti oonerera asakhale molekana monga mwa khungu lao. Anthu akuda a kumeneko anagawanika pa za ulendowu. Ena anakwiya, nati boma likumgwiritsa nchito kuti lidziyeretse pa maso pa maiko. Ena, makamaka anyamata a ku Soweto kumene anakaceza, anakondwa kuona munthu wakuda akulankhula ndi Azungu wopanda mantha. Pa ndime yotsiriza ya mpikisanowo anagonja kwa mnyamata wina wa kwao, Jimmy Connors.

Tsiku la 5 July 1975

Tsono tafika pa tsiku limene dzina lace limakumbukidwa nalo. Mpikisano wa Wimbledon unayamba m'caka ca 1877, ndipo amasewera pa udzu wometa bwino. Masewerawo amagawidwa m'zigawo zochedwa seti. Woyamba kupambana magemu 6, akatsogola ndi awiri, ndiye watenga seti, ndipo kwa amuna wotenga maseti atatu ndiye mwini cikho.

Caka cimeneco otsala pa ndime yotsiriza anali Ashe, wa zaka 31, ndi Connors yemwe uja, wa zaka 22. Connors ndiye anali atatenga cikho caka capitaco, ndipo pa mpikisano uwu anali asanataye seti ngakhale imodzi. Anali wamanzere, womenya mpira ndi mphamvu yoopsa, ndiponso wa pakamwa. Awiriwa anali atakumana katatu, ndipo katatu konse Ashe anagonja. Panalinso udani, pakuti masiku ocepa mpikisano usanayambe Connors anamsumira Ashe ku bwalo la milandu kufuna madola mamiliyoni, cifukwa Ashe anamdzudzula kuti sakonda dziko lace pokana kuliimira pa Davis Cup. Anthu obecha ndalama anaika pa Connors. Olemba nyuzi ambiri anali kungopempha kuti Ashe asacititsidwe manyazi kwambiri. Mitima ya oonerera ambiri inali kwa Ashe, koma anabwera ngati anthu opita kukaona mbale wao wodwala, osayembekeza zabwino.

Ashe analowa m'bwalo atabvala jekete ya Davis Cup yolembedwa dzina la dziko lace pa cifuwa, ndipo amene anali kudziwa za mlandu uja anamvetsa tanthauzo lace. Usiku wa dzulo lace iye ndi anzace anali atapangana nzeru. Anadziwa kuti Connors amakonda mpira wobwera mwamphamvu, pakuti amaubweza mwamphamvu koposa. Motero Ashe, amene moyo wace wonse anali womenya molimba, anasiya cizolowezi cace tsiku limenelo. Anayamba kupereka mipira yofewa, yotsika, yoterereka pa udzu, yolunjika ku dzanja lamanzere la Connors. Connors akathamangira ku ukonde, iye anali kuuponya mpira m'mwamba kuti ukagwe kumbuyo kwace.

Seti yoyamba inatha 6–1, wopambana Ashe. Oonerera anaomba m'manja, koma ambiri anayesa kuti Connors akali kudzuka kumene. Seti yaciwiri inathanso 6–1, ola limodzi lisanakwane. Apa anthu anagwira pakamwa, nayamba kuyang'anana ndi kunong'onezana. Connors anali kungomenyetsa mipira pa ukonde ngati wophunzira. Munthu wina m'khamumo analephera kupirira, napfuula kumlimbikitsa Connors kuti acite camuna. Connors anatembenuka nayankha mokwiya kuti akuyesetsa, ndipo bwalo lonse linafa nako kuseka. Pa nthawi yopumula anthu anaonanso cinthu cacilendo. Ashe anali kukhala pa mpando wace phee, maso ali citsinzinire, osayang'ana munthu, ngati ali yekha m'cipinda.

Connors sanali munthu wogonja msanga. Anatenga seti yacitatu 7–5, ndipo m'seti yacinai anatsogola 3–0. Okonda Ashe mitima inawathawa, poganiza kuti zimene anaopa zija zafika tsopano. Munthu wina akadataya nzeru yace pamenepo nabwerera ku kumenya molimba. Koma Ashe anaugwira mtima monga anamphunzitsira Dr. Johnson, napitiriza mipira yace yofewa ija. Pa magemu 7 otsatira iye anatenga 6. Pa mpira wotsiriza bwalo linati zii. Anaumenya kucokera kumbuyo, Connors anaubweza mofooka, ndipo Ashe anathamangira ku ukonde naumaliza. Seti inatha 6–4. Khamu lonse linaimirira ndi mpfuu waukulu. Ashe sanalumphe kapena kugwa pansi. Anangotembenukira kumene kunakhala anzace, nakweza nkhonya imodzi kanthawi kocepa, napita kukagwirana canza ndi Connors. Pambuyo pace Connors anaucotsa mlandu uja. Kufikira lero Arthur Ashe ndiye mwamuna wakuda yekha amene anatenga cikho cimeneci.

Zaka zace zotsiriza

M'caka ca 1977 anakwatira Jeanne Moutoussamy, wojambula zithunzi. M'caka ca 1979 anadwala mtima nacitidwa opaleshoni, ndipo caka cotsatira analeka kupikisana. Anakhala mtsogoleri wa gulu la America la Davis Cup, limene linapambana m'zaka za 1981 ndi 1982. Analembanso mbiri ya anthu akuda a ku America pa masewera, m'mabuku atatu ochedwa A Hard Road to Glory, amene anaturuka m'caka ca 1988. Za South Africa sanaiwale. M'caka ca 1985 anamangidwa ku Washington pocita cionetsero cotsutsa tsankho pa ofesi ya kazembe wa dzikolo, ndipo anakhala ndi moyo kufikira kuona Nelson Mandela ataturuka m'ndende, nakomana naye.

Pa opaleshoni yaciwiri ya mtima m'caka ca 1983 anapatsidwa magazi amene anali ndi kacirombo ka HIV, pakuti masiku amenewo magazi sanali kupimidwa za kacirombo kameneka. Anadziwa zimenezi m'caka ca 1988, nasunga cinsinsi cifukwa ca mwana wace wamng'ono. Mu April 1992, atamva kuti nyuzi ina ifuna kuulula, anaitana atolankhani nanena yekha kuti ali ndi Edzi. Miyezi imene inamtsalira anaigwiritsa nchito kuphunzitsa anthu za matendawa, ndipo pa 1 December 1992 analankhula ku msonkhano wa United Nations. Anamwalira ku New York pa 6 February 1993, ali ndi zaka 49.

Mtembo wace anapita nao ku Richmond, naugoneka m'nyumba ya bwanamkubwa wa Virginia, ndipo anthu zikwi, akuda ndi oyera, anaima pa mzere umodzi kudzamuona. Anaikidwa pafupi ndi manda a amai ace. M'caka ca 1996 mzinda umene unamkaniza mabwalo ace unamuimikira cifanizo pa mseu waukulu, ndipo m'caka ca 1997 bwalo lalikulu la US Open, lolowa anthu oposa 23,000, linachedwa dzina lace.

Tsono anzanga, nafenso pa sukulu pano timapsa mtima woweruza akalakwa, ndipo ena amafuna kuturuka m'bwalo masewera asanathe. Arthur Ashe anali ndi zifukwa zambiri zokwiyira kuposa ife, ndipo coipa sanacilekerere, pakuti anacitsutsa mpaka kumangidwa. Koma m'bwalo anadziwa kuti wopsa mtima saganiza bwino, ndipo pa tsiku lace lalikulu anagonjetsa munthu wamphamvu kuposa iye ndi nzeru ndi kudekha. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumbukire zimenezi tikadzalowanso m'bwalo, kaya kukasewera kaya kukaonerera.