Jean Piaget, munthu amene anaphunzira kwa makanda

Mwana akayankha zolakwa, ambiri a ife timathamangira kumukalipira, mwinanso kuthyola kamkwapulo. Jean Piaget sanali kutero. Iye anali kukhala pansi ndi kumufunsa mwanayo cifukwa cake wayankha motero, ndipo nchito imeneyi anaigwira zaka pafupifupi 60.

Piaget anabadwa pa 9 August 1896 mu mzinda wa Neuchâtel ku Switzerland. Kuyambira ali wamng'ono anali kukonda kuyang'anitsitsa zolengedwa. M'caka ca 1907, akali kamnyamata, analemba kankhani ka mpheta yoyera imene anaiona, ndipo kanasindikizidwa. Pambuyo pake anatengeka ndi nkhono, naphunzira za zamoyo mpaka analandira digiri ya udokotala mu 1918.

Zinthu zinasintha atapita ku Paris mu 1919. Kumeneko anapatsidwa nchito yoyesa nzeru za ana a sukulu ndi mafunso. Anzake anali kungowerenga mayankho okhoza, koma iye anaona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwa mofanana. Apa m'pamene anazindikira kuti mwana si munthu wamkulu wopelewera nzeru, koma ali ndi kaganizidwe kakekake kamene kamasintha pamene akukula.

Mu 1921 anasamukira ku Geneva, ndipo mu 1923 anakwatira Valentine Châtenay. Anabereka ana atatu: Jacqueline, Lucienne ndi Laurent. Anawa ndiwo anakhala sukulu yake. Iye ndi mkazi wake anali kuwayang'anira tsiku ndi tsiku kuyambira ali makanda, ndi kulemba ciliconse cimene acita pamodzi ndi msinkhu wao.

Tsiku lina Jacqueline, asanakwanitse miyezi 8, anali kufuna kugwira kabakha koseweretsa. Kabakhako kanatsetsereka ndi kubisika m'makwinya a nsalu, iye akuona. Mwanayo sanakafune, anangocita ngati kalibenso. Piaget anaona kuti kwa khanda laling'ono, cinthu cikabisika ndiye kuti catha, ndipo pamapita miyezi kuti liyambe kuvundukula nsalu ndi kucifuna. Laurent naye ali ndi miyezi 10 anali kugwetsa zinthu pansi mobwerezabwereza, uku akusintha pogwetsera ndi kuyang'ana pamene zagwera. Mai wotopa angati ndi mwano, koma atate wake anaona kuti mwanayo akuyesa kuti adziwe mmene zinthu zimagwera.

Ana okulirapo anali kuwayesa ndi madzi. Anali kuthira madzi ofanana m'makapu awiri, kenaka n'kutsanulira a kapu imodzi m'kapu yaitali yowonda. Mwana wa zaka 4 kapena 5 amati madzi aculuka m'kapu yaitaliyo, ngakhale waona yekha kuti palibe caonjezedwa. Wa zaka 7 kapena 8 amadziwa kuti madzi ndi omwe aja.

Kucokera pa zonsezi, Piaget anagawa kukula kwa nzeru m'zigawo zinai. Mpaka zaka 2 mwana amaphunzira ndi maso, manja ndi pakamwa. Kuyambira 2 mpaka 7 amalankhula ndi kuyerekeza, koma amanyengeka ndi maonekedwe. Kuyambira 7 mpaka 11 amaganiza bwino pa zinthu zimene angathe kuziona ndi kuzigwira. Kupitirira apo amayamba kulingalira ndi zosaoneka zomwe.

Si zonse zimene anapeza zinakhala momwemo. Ana atatu a m'nyumba imodzi sangaimire ana a dziko lonse. M'zaka za m'ma 1980, Renée Baillargeon anaonetsa kuti makanda a miyezi 4 kapena 5 amadziwako kale kuti cinthu cobisika cikalipo. Ena anapeza kuti msinkhu umene mwana amafikira zigawozi umasiyana malinga ndi kumene akukulira ndi nchito zimene amazolowera.

Piaget anatsogoleranso bungwe la International Bureau of Education kuyambira 1929 mpaka 1968. Anamwalira ku Geneva pa 16 September 1980 ali ndi zaka 84, ndipo mpaka lero ophunzira uphunzitsi amawerenga za iye.

Cimene anatisiyira ife makolo sicifuna ndalama. Mwana akamaumba ng'ombe zadothi, akamatsanulira mcenga m'zitini kapena kuwerenga njere za cimanga, ali pa sukulu. Ndipo akayankha zolakwa, tiyambe tamufunsa mmene waganizira tisanatole mkwapulo.