Mbiri ya David Clement Scott, Mbusa Womanga ndi Njerwa

Abale, inu amene muumba njerwa ndi kumanga nyumba ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, mverani mbiri ya munthu amene sanaphunzire umisiri wa zomangamanga, koma nyumba yake iri chiimire kufikira lero.

David Clement Scott anabadwira mu mzinda wa Edinburgh, ku Scotland, m'chaka cha 1853. Ataphunzira za ubusa, anafika ku Blantyre mu 1881 kudzatsogolera misyoni imene inayambika mu 1876. Anaipeza iri m'mavuto, pakuti ena mwa oyamba aja analamulira anthu mwankhanza, ndipo mbiri yake inaipa. Scott anayamba ndi kumvera anthu ndi kuphunzira chinenero chao, kufikira analemba buku lalikulu la mau a Chimang'anja, limene linasindikizidwa mu 1892.

Mu 1888 anayamba kumanga nyumba ya Mulungu imene itchedwa St Michael and All Angels. Iye sanali mmisiri, ndipo amuna a dziko lino amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa zonse anaziumba pomwepo ndi dothi la komweko, naziotcha ndi nkhuni. Akuti zikombole zake zinatulutsa njerwa za maonekedwe 81.

Tsono funso lalikulu linali ili: kodi kulemera kwa nyumba yotalika chotere kudzapita kuti? Pakuti chinthu chilichonse cholemera chifuna pansi. Denga lipsinja khoma, khoma lipsinja maziko, ndipo maziko apsinja nthaka. Ngati chimodzi mwa izi chilephera kusenza katundu wake, zonse za pamwamba pake zigwa. Chifukwa chake maziko ayenera kutambalala koposa khoma, kuti katundu agawikane pa nthaka yaikulu, monga munthu wopalasa phazi satitimira m'matope msanga ngati nsonga ya ndodo.

Njerwa nayo iri ndi khalidwe lake. Ikapsinjidwa ipirira kwambiri, koma ikakokedwa kapena kupindidwa ithyoka. Mukayala njerwa mopingasa pamwamba pa khomo popanda mtanda, zidzagwa. Koma mukaziyala mokhota ngati uta, iliyonse itsamira inzake, ndipo kulemera kwa pamwamba kungozipanikiza kuti zigwirane. Komatu uta wotere sukankha pansi pokha. Ukankhanso m'mbali, kufuna kutsegula makoma. Ndicho chifukwa chake omanga akulitsa khoma pamene uta utsamira, naikanso zochirikiza kunja kwake.

Scott sanayambe ndi kujambula nyumba yonse papepala. Iye ndi amisiri ake anali kuyamba ayala njerwa zouma, zopanda matope, kuti aone ngati chigawo chimenecho chikhala bwino. Akakhutira, pamenepo ndipo anamanga. Motero anakweza makoma, mazenera okhota, nsanja, ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Nyumbayo, ya mafiti 106 m'litali, inapatulidwa pa 10 May 1891, ndipo yaona dzinja loposa 130.

Monga anakhulupirira manja a anthu a kuno pomanga, anawakhulupiriranso mu mpingo. Anapatula amuna 7 a dziko lino akhale madikoni. Mmodzi wa iwo, Harry Kambwiri Matecheta, anadzozedwa ubusa mu 1911. Azungu ena sanakondwere nazo izi, ndipo anamtsutsa kolimba. Mkazi wake anamwalira mu 1895, thupi lakenso linafooka, nachoka ku Blantyre mu 1898. Pambuyo pake anatumikira ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kumene anamwalira mu 1907.

Tsono inu omanga, dzinja lililonse timva za makoma ogwera ana usiku, chifukwa maziko anali osaya, kapena njerwa zinali zosapsa, kapena mipata ya njerwa inalunjikana mzere umodzi kuchokera pansi kufikira pamwamba. Musanakweze khoma, dzifunseni monga anadzifunsa Scott, kuti katundu uyu adzatsikira kuti, nanga adzamsenza ndani. Kumbani kufikira nthaka yolimba, lumikizani njerwa mopingasana, ndipo musaike denga lolemera pa khoma lopyapyala.